Vinyo wofiira wandimanga m'kamwa: kodi wawonongeka?

Funso: "Alamu anga a ku Cape Town anatibweretsera mabotolo awiri a vinyo wofiira. Titatsegula limodzi, ndinangomeza kawiri katatu, basi m'kamwa monse gwa, ngati ndadya nthochi yosapsa. Lilime kukhakhala, milomo kumatirira ku mano. Ndinamwa madzi koma sizinasinthe kwenikweni. Nditalavula ndinaona timizere tofiirira ngati ulusi. Mayi a kunyumba anamwa yemweyo koma akuti iwo sanamve choncho. Pa botolo analembapo kuti dry. Kodi vinyoyu amaumitsa malovu, kapena anawonongeka m'njira? Botolo linalo ndikuopa kulitsegula."

Achimwene, botolo lachiwirilo musalitaye, ndipo alamu anuwo musawakayikire. Vinyo wowonongeka amadziwika ndi fungo: amanunkha ngati viniga, kapena ngati katoni yomwe yanyowa ndi mvula n'kuiwalika kuseri kwa chitseko, ndipo nthawi zina mtundu wake umasanduka wa dothi. Inu simunatchule chilichonse mwa zimenezi. Zomwe mwafotokozazi ndi khalidwe la vinyo wofiira wabwinobwino, makamaka akakhala kuti sanakhalitse m'botolo.

Mawu aja akuti dry tithane nawo msanga, chifukwa asokoneza anthu ambiri. Pa botolo la vinyo mawuwa sanena za m'kamwa mwanu ayi. Amanena za shuga. Yisiti ikadya pafupifupi shuga yense wa m'madzi a mphesa n'kumusandutsa alikoholo, vinyoyo amatchedwa dry, kutanthauza kuti si wotsekemera. Vinyo woyera atha kukhala dry koma osakumangani m'kamwa ngakhale pang'ono. Zangochitika kuti zinthu ziwiri zosiyana zinakumana m'botolo limodzi.

Tsono chomwe munamvacho n'chiyani? Choyamba, si kakomedwe. Kutsekemera, kuwawasa, kuwawa, mchere ndi kukoma kwa msuzi wa nyama, zonsezi zimamvedwa ndi timaselo ta kakomedwe tomwe tambiri tili pa lilime. Koma takumbukirani pomwe munamva kumangako. Munamva m'masaya, m'nkhama, kuseri kwa mlomo wa m'mwamba, malo omwe munthu samverako shuga kapena mchere. Komanso sikunabwere pompo. Shuga mumamumva akangokhudza lilime, pamene kumanga kumayamba pang'onopang'ono, kumakula mutameza kale, ndipo kumatha kukhalapo kwa mphindi yathunthu kapena kuposerapo. Ofufuza a ku Bochum, m'dziko la Germany, anasonyeza bwino zimenezi mu 2014. Atachititsa dzanzi mtsempha wonyamula uthenga wa kakomedwe, anthu ankamvabe kumanga. Atachititsanso dzanzi nthambi ya mtsempha wotchedwa trigeminal, womwe umauza ubongo za kukhudza, kutentha ndi ululu wa kumaso ndi m'kamwa, kumangako kunachepa kwambiri. Ndi mtsempha womwewu umene umamva moto wa tsabola wa kambuzi ndi kupweteka kwa dzino. Choncho vinyo uja simunamulawe kokha, munamukhudza. Pa Chingerezi amati astringency, mawu ochokera ku Chilatini otanthauza kumanga kapena kukoka zinthu pamodzi. Inu munapeza mawu omwewo popanda kutsegula buku lililonse.

Kuti nkhaniyi imveke tiyenera kuyamba tawalemekeza malovu, omwe ambirife timawaona ngati chinthu chongolavula. Munthu wamkulu amapanga malovu pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka pa tsiku. Ambiri amachokera m'tiziwalo tisanu ndi kamodzi, titatu mbali iliyonse: kena pansi pa lilime, kena pansi pa nsagwada, ndipo kakakulu kali kutsogolo kwa khutu, komwe kamatupa mwana akadwala matsagwidi. Pa magawo 100 a malovu, pafupifupi 99 ndi madzi. Koma kagawo kotsalako ndi komwe kali ndi ntchito yonse. Muli mapuloteni amitundumitundu. Ena, otchedwa mucin, ndi aatali ndipo amagwira madzi ambiri, n'kupanga nanzi ngati wa therere. Iwowa pamodzi ndi anzawo amamatirira pa mano, pa lilime ndi m'masaya, n'kupanga kachikuto kopyapyala kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Kachikuto kameneka ndi komwe kamachititsa kuti lilime lizitha kuyenda tsiku lonse, polankhula ndi potafuna, osasupuka. Pakani madzi pakati pa zala ziwiri, kenako pakani malovu, mumva nokha kusiyana kwake. Madzi amanyowetsa, malovu amatereretsa.

Pali gulu linanso la mapuloteni a m'malovu lomwe ndi mwini nkhani yathu. Puloteni iliyonse ili ngati mkanda wolumikizidwa kuchokera ku timikanda ta mitundu 20, totchedwa amino acid. Mapuloteni ambiri akapangidwa amadzipinda n'kukhala ngati mpira wa ulusi, mbali zawo zambiri zobisika mkati. Koma gulu ili lili ndi kamkanda kamodzi kotchedwa proline kochuluka modabwitsa, pafupifupi timikanda titatu kapena tinayi pa khumi tilitonse. Proline ndi wouma khosi, salola kupindika, motero mapuloteniwa amakhala otambasuka ngati chingwe choyanikapo zovala. Tiziwalo ta kutsogolo kwa khutu tija ndi tomwe timawapanga kwambiri, moti pa mapuloteni onse ochokera m'menemo, pafupifupi magawo 70 pa 100 ndi amenewa. Asungeni m'mutu, tiwapeza posachedwa.

Mbali inayo kuli tanini, mankhwala a m'zomera omwe amapezeka ambiri m'vinyo wofiira. Dzinali linachokera ku ntchito yofufuta zikopa. Kuyambira kalekale anthu a ku Ulaya ankaviika zikopa zaziwisi m'madzi a makungwa a mtengo wa oak, ndipo chikopa chomwe chikanawola m'masiku ochepa chinkasanduka cholimba, chosokera nsapato. Ku KwaZulu-Natal mpaka lero amalima mitengo ya black wattle n'kumasenda makungwa ake pa ntchito yomweyi. Chomwe chimachitika n'chakuti tanini wa m'makungwa amagwira mapuloteni a m'chikopa, omwenso ali ndi proline wambiri, n'kuwamanga pamodzi. Zomera zimapanga tanini podziteteza. Tsamba lanthete, khungwa, chipatso chomwe mbewu zake sizinakhwime, zonsezi chomera sichifuna kuti zidyedwe, ndiye chimaikamo mankhwala oti wodyayo agwe ulesi. Nthochi yosapsa munaitchula ija, suku losavundika, gwafa wamwana, tiyi woiwalika m'ketulo, onsewa ndi a pa mtundu umodzi ndi vinyo wanu.

Maonekedwe a tanini ndi ofunika. Amapangidwa ndi tizidutswa tofanana, monga catechin ndi epicatechin, tolumikizana kukhala tcheni. Kachidutswa kalikonse kali ndi timphete tafulati ta kaboni, tokhala ndi timanja tambiri m'mphepete. Kachidutswa kakakhala kokha, kapena tikalumikizana tiwiri, timawawa kuposa kumanga. Tcheni ikamatalika, kuwawa kumachepa, kumanga kumakula, chifukwa tcheni yaitali ili ndi manja ambiri ndipo itha kugwira malo angapo nthawi imodzi.

Tsopano akumane. Mukakhala chete, m'kamwa mwanu mumakhala malovu okwana pafupifupi mililita imodzi yokha. Kumwa kamodzi kwa vinyo kumalowetsa mamililita 10 kapena kuposa. Alendo achuluka kuposa eni mudzi. Timphete tafulati ta tanini timakagona pa timphete ta proline ngati ndalama zachitsulo zosanjikizana, chifukwa tonse sitigwirizana kwenikweni ndi madzi ndipo timakonda kubisalirana, kenako timanja tija timalimbitsa mgwirizanowo. Poyamba puloteni imodzi imazingidwa ndi matanini angapo n'kukhwinyata, koma ikuyandamabe. Tanini akachuluka, mmodzi amagwira puloteni iyi ndi dzanja ili, ina ndi dzanja lina, n'kukhala mlatho. Milatho ikachuluka pamabadwa timibulu, timibulu timagwirana kukhala zibuma, mpaka zimalemera n'kulekana ndi madzi. Ndi mmene mkaka umachitira ukamasanduka chambiko, kungoti kumeneko wochititsa ndi asidi. Edwin Haslam ndi anzake a ku yunivesite ya Sheffield ku England ndi omwe anafotokoza mwatsatanetsatane masitepe amenewa, ngakhale ganizo loti kumanga kumachokera pa kukumana kwa tanini ndi mapuloteni analinena kale E. C. Bate-Smith wa ku Cambridge m'zaka za m'ma 1950.

Timizere munaona mutalavula tija ndi zibuma zimenezi. Si magazi, si khungu la m'kamwa losupuka, ndiponso si zinyalala za m'botolo. Ndi malovu anu omwe, ataundana ndi tanini n'kutenga mtundu wa mphesa. Ndikamaphunzitsa za zimenezi ndimakonda kuzionetsa ndi maso. Ndimathira tiyi wakuda kwambiri, wozizira, wopanda mkaka, m'tambula ziwiri zoonekera mkati. Wophunzira mmodzi wolimba mtima amalavulira m'tambula imodzi, anzake akuseka ndi kubisa nkhope. Tikapukusa pang'ono n'kuziika pa windo, sipapita nthawi: tambula ya malovu ija imachita chifunga, kenako timaona tinthu ngati thonje tikutsika pang'onopang'ono kukakhala pansi, pamene inayo ili mbee. Kuseka kumathera pomwepo. Yesani kunyumba ndi vinyo wanuyo: mumuzunguze m'kamwa masekondi 15, mulavulire m'mbale yoyera, muyang'ane.

Ndiye funso lanu loti kodi vinyo amaumitsa malovu, yankho ndi lakuti madzi sanachoke. Kunena zoona vinyo, chifukwa cha asidi wake, amachititsa kuti malovu atuluke ambiri. Chomwe chachoka ndi kuterera. Mapuloteni ena agwa, kachikuto kaja kasokonekera, ndipo timibulu tatsalira pakati pa lilime ndi m'kamwa ngati mchenga wolowa m'tcheni ya njinga. Lilime likasuntha, mitsempha imamva kukhulana komwe sikumakhalapo masiku onse, ndipo ubongo, womwe umadziwa kukhulana kotere pa nthawi ya ludzu yokha, umati m'kamwa mwauma. N'chifukwa chake mukangokhala duu osasuntha lilime kumangako sikumveka kwambiri, koma mukangolipititsa pa mano, ndi pomwepo. Akatswiri amatsutsanabe kuti chachikulu n'chiti pakati pa timibulu, kuwonongeka kwa kachikuto, ndi tanini wokagwira mwachindunji maselo a m'masaya. Ine ndimaona kuti zonse zitatu zimachitikira limodzi, ndipo chomwe chimatsogola chimadalira kuchuluka kwa tanini.

Apa mwaona kale chifukwa chomwe madzi sanakuthandizireni. Madzi amatsuka tanini wongoyandama, koma sabwezera mapuloteni. Pafunika kuti tiziwalo tija tipange malovu atsopano, kachikuto kamangidwenso, ndipo izi zimatenga mphindi zingapo. Mukamwanso ntchitoyi isanathe, tanini watsopano amapeza m'kamwa muli kale pambalambanda. Kumwa kwachitatu kumamanga kuposa koyamba ngakhale vinyo ndi yemweyo. Anthu olawa vinyo pa mipikisano amalidziwa vutoli, moti amapumira pakati, n'kumatafuna buledi kapena bisiketi yopanda shuga kuti malovu ayambenso kuyenda. Kutafuna ndi komwe kumadzutsa tiziwalo ta kutsogolo kwa khutu.

Za mayi a kunyumba, musaganize kuti ankangodzilimbitsa. Anthu timasiyana kwambiri pa kuchuluka kwa malovu omwe timatulutsa, ndi pa mapuloteni omwe ali m'malovumo. Kafukufuku wa ku yunivesite ya California ku Davis, komwe Ann Noble anagwira ntchito zaka zambiri pa nkhani ya kulawa vinyo, anapeza kuti anthu otulutsa malovu ochepa amamva kumanga kwa nthawi yaitali kuposa otulutsa ambiri. Zinanso zimalowererapo. Ngati munali ndi ludzu, ngati mumamwa mankhwala ena omwe amachepetsa malovu, monga ena a chimfine ndi ena a kuthamanga kwa magazi, ngati inu munamwa m'mimba muli zii pamene mayiwo anali atalawako ndiwo kukhitchini, kusiyanako n'kosadabwitsa. Palinso kuzolowera. Munthu wokonda tiyi wakuda wopanda mkaka saona chachilendo pa vinyo wotere.

Mwina mukudzifunsa kuti thupi limavutikiranji kupanga mapuloteni ongoti agwidwe ndi tanini. Nkhani yomwe imandisangalatsa kwambiri pa zonsezi siyichokera m'munda wa mphesa, koma m'munda wa mapira. Alimi a mapira amadziwa kuti mbalame zimathera mitundu yoyera, yokoma, ndipo mitundu ina yofiirira zimaisiya, makamaka njere zisanakhwime. Mitundu yosiyidwayo ili ndi tanini wambiri m'chikuto cha njere. Vuto lake n'lakuti tanini yemweyo akalowa m'mimba amagwira mapuloteni a m'chakudya ndi ma enzyme ogaya chakudya, ndiye nkhuku kapena nkhumba yodyetsedwa mapira otere sikula bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ofufuza a ku yunivesite ya Purdue ku America, Haile Mehansho, Larry Butler, Don Carlson ndi anzawo, anadyetsa makoswe mapira a tanini wambiri. Masiku oyamba makoswewo anatsika sikelo. Koma patangopita masiku atatu, tiziwalo tawo ta malovu ta kutsogolo kwa khutu tinali titakula, mapuloteni a proline aja atachuluka kuwirikiza pafupifupi ka 12, ndipo makoswewo anayambanso kunenepa. Atayesa zomwezo pa tinyama tina totchedwa hamster, tomwe matupi ake sanathe kuchulukitsa mapuloteniwa, tinalephera kukula, tina mpaka kufa. Kenako kunapezekanso kuti agwape a ku North America, omwe amadya masamba a mitengo, ali ndi malovu ogwira tanini mwamphamvu, pamene ng'ombe ndi nkhosa, zodya udzu, zilibe otere.

Tanthauzo lake ndi lakuti mapuloteni amenewa ndi alonda a pa chipata. Amadzipereka kugwidwa m'kamwa kuti tanini afike m'mimba manja ake ali odzaza kale, asakagwire zofunika. Ife anthu timawapanga nthawi zonse, osadikira kuti tidye kaye mapira, zomwe zikusonyeza kuti makolo athu akalekale ankadya zipatso za m'tchire ndi masamba okhala ndi tanini wambiri. Kumanga komwe munamva ndi phokoso la alondawo ali pa ntchito, komanso chenjezo loti chinthu ichi musachidye chambiri.

Nanga bwanji wofiira yekha? Madzi a mphesa zambiri, ngakhale zakuda, ndi oyera. Mtundu uli m'makoko, pamene tanini ali m'makoko, m'njere ndi m'timitengo ta phava. Popanga vinyo woyera amafinya mphesa n'kutaya makoko nthawi yomweyo. Popanga wofiira amasiya madzi, makoko ndi njere ziwirire limodzi kwa masiku angapo, mwina masabata awiri kapena atatu. Tanini wa m'makoko amatuluka msanga ndipo ndi wa matcheni aatali. Wa m'njere amachedwa, amadikira alikoholo achuluke kuti afewetse chikuto cha njere, ndipo ndi wamfupi, wowawa, waukali. Mukadzapeza mphesa, tafunani khoko palokha, kenako mulume njere, mudzamva kusiyana kwake. Wopanga vinyo akafinya mwamphamvu kwambiri kapena akachedwa kuchotsa njere, vinyo amatuluka wolusa. Migolo ya oak yomwe amasungiramo vinyo imawonjezeranso tanini wa mtundu wina, wochepa poyerekeza ndi wa mphesa. Zonse pamodzi, lita imodzi ya vinyo wofiira imatha kukhala ndi tanini kuyambira mamiligalamu mazana ochepa mpaka kupitirira galamu imodzi.

Mtundu wa mphesa nawo ndi nkhani. Tannat, ya ku Madiran kumwera chakumadzulo kwa France, yomwenso inakhazikika ku Uruguay, ndi yotchuka pa kumanga. Nebbiolo ya ku Piemonte ku Italy imanyenga, mtundu wake ndi wotuwa koma imagwira nkhama ngati pulayala, n'chifukwa chake lamulo limati vinyo wa Barolo, wopangidwa ndi mphesa imeneyi, asagulitsidwe asanakwanitse miyezi 38. Cabernet Sauvignon imamanganso ndithu, pamene Pinot Noir ndi yofatsa. Popeza lanulo lachokera ku Cape, yang'anani pa chizindikiro. Mukapeza Cabernet Sauvignon, Shiraz kapena Pinotage wa zaka ziwiri zapitazi, musadabwe. Pinotage ndi mphesa ya komweko, yomwe Abraham Perold wa ku yunivesite ya Stellenbosch anaipanga mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, ndipo makoko ake ndi okhuthala.

Opanga vinyo anaidziwa sayansi imeneyi ndi manja asanaidziwe ndi mutu. Ku Bordeaux, vinyo akakhala waukali, kuyambira kale amamenya zoyera za mazira angapo n'kuzithira mu mgolo wa malita 225. Puloteni ya dzira imagwira tanini wolusa kwambiri, zimaundana, zimatsika pansi, ndipo vinyo wotsala pamwamba, wopanda nsenga, amamukhuthulira mu mgolo wina. Ena amagwiritsa ntchito gelatin, yochokera ku zikopa ndi mafupa, ena puloteni ya mkaka. Kunena mwachidule, amapatsa vinyo malovu obwereka kuti asadzathere anu. Ngakhale mu labotale, njira ina yodziwika yoyezera tanini ndi kuthira puloteni ya m'magazi a ng'ombe m'vinyo n'kuyeza zomwe zagwa.

Njira ina ndi nthawi. Mu mgolo ndi m'botolo, mpweya wochepa kwambiri umalowa, ndipo matanini amasintha: ena amalumikizana ndi utoto wofiira wa mphesa, zomwe zimachepetsa mphamvu yawo yogwira mapuloteni, ena amaduka, ena amakula mpaka kugwa pansi ngati nsenga yomwe mumaiona m'botolo lakale. Kale tinkaphunzitsidwa kuti matcheni amangotalika basi mpaka kugwa, koma nkhaniyo inapezeka kuti ndi yosakwanira, popeza amaduka ndi kulumikizananso mosalekeza. Patrick Ducournau wa ku Madiran komwe kuja, atatopa ndi ukali wa Tannat, anayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 njira yolowetsa timathovu ting'onoting'ono ta okosijeni m'thanki kuti kusinthaku kufulumire. Zipatso nazo zimachita zofanana. Nthochi ikamapsa, kapena masuku akavundikidwa, tanini sathawira kwina, koma ambiri amamangika ndi zinthu zina za m'chipatso n'kuleka kusungunuka, ndiye safikanso pa malovu anu. Ku Japan chipatso cha persimmon, chomwe chimamanga koopsa, amachitsekera mu mpweya wa carbon dioxide kapena mu nthunzi ya mowa kwa masiku ochepa. Chipatsocho chimapanga mankhwala otchedwa acetaldehyde, omwe amalumikiza matanini kukhala zibuma, ndipo chimadyeka chikadali cholimba. Acetaldehyde yemweyo amagwiranso ntchito yotere m'vinyo.

Zinthu zina za m'tambula momwemo zimakweza kapena kutsitsa kumanga. Asidi akachuluka kumakula. Shuga amaphimba kumangako, n'chifukwa chake vinyo wofiira wotsekemera wa m'mabokosi amatsika mosavuta, ndipo ambiri kwathu kuno anayambira pa ameneyo. Vinyo wofiira wozizira kwambiri, wongotuluka mufiriji, amamveka waukali chifukwa fungo la zipatso limabisala n'kusiya tanini poyera.

Mankhwala enieni ndi chakudya, ndipo mumawadziwa kale. Tiyi wa ku Thyolo kapena ku Mulanje akafulidwa mopitirira, mumathiramo mkaka. Puloteni yaikulu ya mu mkaka, casein, nayonso ndi yotambasuka ndipo ili ndi proline wambiri, choncho imagwira mankhwala omanga a m'tiyi akadali m'kapu. Nyama, tchizi ndi mtedza zimachita zofanana ndi vinyo: zimapereka mapuloteni ena oti agwidwe, mafuta ake amabwezera kuterera, ndipo kutafuna kumatulutsa malovu. Mu 2012 gulu la Paul Breslin ku America linapatsa anthu nyama yamafuta ya salami mosinthanitsa ndi tiyi, ena mosinthanitsa ndi madzi. Tiyi anachotsa kunona kwa m'kamwa kuposa madzi. Mafuta ndi tanini amakokerana mbali zosiyana, wina kutereretsa, wina kukhakhalitsa, ndipo m'kamwa mumakhala pakatikati. Azungu a ku Madiran amamwa vinyo wawo waukaliyo ndi nyama ya bakha yonona, osati pa mimba ya njala.

Pali zinthu ziwiri zomwe mudzamve kwa anthu zomwe ine sindigwirizana nazo. China n'chakuti vinyo akamamanga kwambiri ndiye kuti ndi wapamwamba. Ayi. Kutulutsa tanini wambiri n'kosavuta, aliyense wofinya njere mwankhanza atha kutero. Luso lili pa kukhala ndi tanini wokwanira koma wosalala, woti akugwireni ngati nsalu yofewa, osati ngati sandipepa. Chinacho n'chakuti tanini wa m'vinyo ndi mankhwala a mtima, ndiye munthu azimwa tsiku lililonse. Alikoholo ndi alikoholo, ndipo bungwe la World Health Organization linanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa womwe tinganene kuti ndi wopanda chiopsezo. Wofuna mankhwala a m'zomerawa awapeza m'tiyi, m'nyemba zofiira ndi m'zipatso. Ndipo pamenepo pali chenjezo lake: tanini amagwiranso ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba, motero mayi woyembekezera kapena munthu wochepa magazi asamatsirize nsima ndi tiyi wakuda, adikire ola limodzi kapena awiri.

Botolo lachiwirilo chitani nalo motere. Ngati muli ndi malo ozizira, amdima, osatentha masana, ligonekeni chaka chimodzi kapena ziwiri, koma m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala vinyo amakalamba moipa, ndiye kuli bwino kungomumwa. Tsikulo liikeni mufiriji mphindi 20 zokha, kuti lizizire pang'ono osachita chisanu. Ena adzakuuzani kuti mulitsegule ola limodzi lisanamwedwe kuti tanini afewe. Kutero kumathandiza fungo, koma ola limodzi silisintha tanini kwenikweni. Otchani nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe yokhala ndi mafuta ake, muyambe mwatafuna, kenako mumwe pang'ono, mudyenso, osathamanga. Chambo ndi usipa musungire tsiku lina. Vinyo wofiira ndi nsomba nthawi zambiri zimasiya chifungo cha nsomba kukhosi, ndipo ofufuza a ku Japan anapeza mu 2009 kuti wolakwa pamenepo si tanini, ndi ayironi wa m'vinyo akakumana ndi mafuta a nsomba. Mukamwa, muwerenge masekondi kuyambira pomwe mwameza mpaka pomwe lilime layambanso kuterera, mayi nawonso awerenge awo, mufananize.